Ntchito Imene Ndinagula pa Foni

1

Ine ndine Noreen, mwana womaliza wa Emil Hudak wa kuno ku Youngstown, m'chigawo cha Ohio, ndipo kale ndinkadzitama kuti palibe munthu angandipusitse. Ndinagwira ntchito zaka zambiri pa tilu mu shopu yaikulu ya zakudya. Wakuba ndinkamudziwa ndi kayendedwe kokha, ogulitsa zinthu khomo ndi khomo ndinkawatsekera chitseko asanamalize moni. Muzikumbukira zimenezi pamene mukuwerenga, kuti mukamandiseka mundiseke mokwanira.

Bambo anga anagwa ndi sitiroko kutangoyamba kuzizira. Munthu amene moyo wake wonse ankasungunula zitsulo ku fakitale anatsala mbali yakumanja itafa, pakamwa patapindika, mawu ali owerengeka. Mayi wina wa kuchipatala, woona za mabanja a odwala, anatikhazika pansi ine ndi mkulu wanga Dolores. Anati njira zilipo ziwiri: wina azikhala nawo tsiku lonse, kapena apite kunyumba yosungira okalamba ya kuseri kwa njanji. Bambo anamva. Anandigwira mkono ndi dzanja lamoyo lija mpaka zikhadabo zinandilowa.

“Kwathu,” anatero. “Kwathu.”

Amayi athu anamwalirira kunyumba ya okalamba yomweyo, ndipo bambo ankati fungo lake silinawachokebe m'mphuno.

“Adadi,” ndinawauza, “ine ndikadali ndi moyo, kumeneko simupondako.”

Ndinasiya ntchito sabata yomweyo n'kusamukira kwa bambo. Dolores anali ndi mwamuna ndi ana, ine banja langa linatha kalekale, choncho panalibe zokambirana. Koma kulonjeza n'kosavuta. Penshoni ya bambo inkathera ku mankhwala, matewera ndi gasi wotenthetsera nyumba, ndipo posakhalitsa ndinayamba kuopa kutsegula bokosi la makalata.

Lachisanu lina Dolores anabwera ndi mbale ya pirogi za kutchalitchi, tizitumbuwa tija toika mbatata ndi anyezi mkati, nyuzipepala ili kukhwapa.

“Iwe Noreen, ukhala chonchi mpaka liti? Taona mmene wathera. Khosi ngati la nkhuku yodwala.”

“Ndiye nditani, achemwali? Ndiziwamangirira pampando ine n'kumapita kuntchito?”

“Pakamwa pakopo ndi pomwe panathawitsa mwamuna. Tawerenga apa.”

Anali atazunguliza kale ndi cholembera chofiira. Gwirani ntchito muli kunyumba kwanu. Madokotala akusowa anthu owalembera mabilu. Maphunziro, zipangizo ndi makasitomala tikupatsani.

“Zabodza izi,” ndinatero.

“Kuimba foni sikulipira. Ukangomva n'kusiya, wataya chiyani?”

Ankayankhula akupukuta tebulo, tebulo loti ndinali nditapukuta kale. Ndinangoganiza kuti ndi khalidwe lake lija loona ngati ine sindidziwa kusamala m'nyumba.

2

Amene anayankha anati ndi Bambo Corwin. Mawu ake anali ofatsa ngati a wansembe pa maliro a munthu wolemera.

“Mayi Hudak, madokotala anaphunzira kuchiza, kulemba mabilu sanaphunzire. Wodwala akatuluka, bilu yake imayenera kupita ku kampani ya inshuwalansi. Ikalakwika pang'ono, kampani imaibweza, ndalama za dokotala n'kukanirira kumeneko. Inu muzingokhala pa kompyuta, kulemba, kutumiza. Iwo azikulipirani pa bilu iliyonse.”

“Nanga madokotalawo ndikawatola kuti?”

“Tikupatsani mayina a madokotala a m'dera lanu amene akudikira. Akudikiradi, mayi. Ndipo munthu ngati inu, wosamalira bambo odwala sitiroko, ntchito ina yokuyenerani kuposa iyi ilipo?”

Ndinadabwa. Za bambo ndinali nditamuuza kodi? Ndinaganiza kuti mwina zinandipulumuka popereka moni paja, poti masiku amenewo ndinkadandaulira aliyense, ngakhale wobweretsa makalata.

“Bambo Corwin, ine si mwana. Ndikufuna ndimve ndekha kwa munthu amene zinamuyendera.”

Anaseka mokoma. “Anthu ochenjera ngati inu ndi amene timawafuna. Tengani cholembera.”

Anandipatsa nambala ya mayi wina wa ku Tulsa, dzina lake Maureen. Ndinaimba tsiku lomwelo, mafunso ndili nawo okonzeka ngati wapolisi. Maureen sanandipatse mpata wowafunsa onse.

“M'bale wanga, panopa ndikuyankhula nawe ndili m'zovala zogonera, khofi ali pambalipa. Galimoto ndinamaliza kulipira chaka choyamba chomwecho. Chimene ndimadandaula n'chimodzi basi, kuti ndinachedwa kuyamba.”

Chapatali ndinkamva mwana akulira. Kulira kwa mwanako n'kumene kunandigonjetsa. Ndinati uyu ndi mayi mnzanga, ali ndi womusamalira m'nyumba ngati ine, angandinamize chifukwa chiyani?

Dolores anaimba madzulo ake. “Wayankhula nawo? Ndiye akuti bwanji?”

“Zikuoneka zenizeni. Koma ndalama yake ndi yambiri, achemwali.”

“Ukuchedwa nazo. Ena akulanda madokotalawo iwe uli mkati moganiza.”

Ndinatulutsa ndalama zonse zimene shopu inkandisungira za paukalamba wanga, madola zikwi zisanu ndi kanthu, n'kutumiza. Nditabwerako kubanki ndinawapsompsona bambo pachipumi n'kuwauza kuti mavuto athu atha.

3

Katoni inafika yopepuka kuposa mmene ndinkayembekezera. Munali diski ya pulogalamu, buku lochita kukopedwa lomwe masamba ena anali ozondoka, chikalata chokongola chonena kuti ndine katswiri, ndi mayina a madokotala aja. Ndinaphunzira ndi mtima wonse. Bambo akagona masana ine ndinali pa kompyuta, kuloweza manambala a matenda mpaka maso kuwawa.

Kenako inakwana nthawi yokaonana ndi madokotala anga odikira aja. Wosiyira bambo ndinalibe, choncho ndinkawaveka majekete awiri, kuwakweza m'galimoto, n'kuwasiya panja injini ikulira kuti asazizidwe. Ndinkavala suti yanga yakuda yopitira ku maliro, chifukwa ina ndinalibe.

Dokotala woyamba anali atamwalira zaka zapitazo, pamalo pake pali shopu yokonza zikhadabo. Wina anali atasamukira ku Florida. Wina anali dokotala wa agalu ndi amphaka. Kumene ndinapeza dokotala wamoyo, wa anthu, sindinadutse pa mayi wolandira alendo.

“Ndabwera za mabilu,” ndinatero, ndikumwetulira mpaka masaya kupweteka. “Ndamva kuti adokotala akusowa munthu.”

Mayiyo anayang'ana suti yanga, n'kuyang'ana chikalata chija, n'kupumira m'mwamba.

“Nanunso akugulitsani katoni?”

“Katoni yanji?”

“Amayi, anzanu akhala akubwera kuno, chikalata chake chomwechi. Tamverani. M'mabilu muli dzina la wodwala, nthenda yake, zinsinsi zake zonse. Dokotala wamisala yanji angapereke zimenezo kwa mlendo woti sanagwirepo ntchitoyi, akazilembere pa tebulo la kukhitchini? Athu amalemba ndi mtsikana wathu wamkatimu, ena amapereka ku makampani akuluakulu. Palibe amene akudikira inu.”

Ndinakwiya, chifukwa munthu akakuuza zoona zowawa umayamba wamuda iyeyo. Ndinakangana naye nthawi yaitali, mpaka odwala anayamba kundiyang'ana. Nditatuluka, chipale chofewa chinali chitakuta galasi la galimoto, ndipo mutu wa bambo sunkaoneka.

Ndinathamanga ndikukuwa. Anali ataterereka pampando, lamba wa pampando atawakola pakhosi, nkhope itada bii. Ndinalimbana ndi lambayo mpaka anamasuka. Anatsokomola, anapuma, n'kundiyang'ana ndi diso lawo la mbali yamoyo ija.

“Kwathu,” ananong'ona.

Ndinakhala m'chipalemo mawondo pansi, ndikulira ngati mwana. Ndikanangowonjezera mawu pang'ono pa mkangano uja, ndikanawapha bambo anga ndi dzanja langa.

4

Bambo Corwin anayamba kusowa. Ndikaimba ankati ali pamsonkhano, kapena atuluka, kapena foni inkangolira. Tsiku limene ndinamupeza ndinamusambitsa chokweza. Mawu amene ndinagwiritsa ntchito sindingawalembe m'magazini ino. Iye anandisiya mpaka mpweya unandithera.

“Mwamaliza, mayi? Pangano munasaina limati ife tikupatsani zipangizo. Kupeza makasitomala ndi khama lanu. Ena amalimbikira, ena ayi.”

“Ndibwezereni ndalama zanga, wakuba iwe!”

“Kubweza sitibweza. Koma ine ndili ndi chisoni ndi bambo anu, ndiye ndikupatsani mwayi umene sitipatsa aliyense. Mawu anu ndi abwino, omveka ngati a munthu wachilungamo. Tikuikirani foni ina m'nyumbamo. Anthu ofuna kugula akamaimba, inu muziwauza kuti zikukuyenderani. Dzina tikupatsani lina, tauni inanso, mawu onena tikuphunzitsani. Aliyense woimba, mwalandira. Akagula, mwalandira kawiri. Simuchoka pakhomo, bambo anu ali pambali panu.”

Apo m'pamene ndinazindikira. “Ndiye kuti Maureen uja…”

“Maureen ndi mayi wolimbikira kwambiri. Ganizirani, mundiyankhe sabata isanathe.”

Ndikanakonda ndikanakuuzani kuti ndinamulavulira pa foni pomwepo. Ayi. Ndinaika foni pansi bwinobwino n'kuyamba kuwerengera. A kampani ya gasi anali atachenjeza kale kuti adula. Shopu inali itanena kuti malo anga alipo ngati ndibwerera mwezi womwewo. Mayi wa kuchipatala uja anali ataimba kuti kunyumba ya okalamba kwapezeka bedi. Ndikabwerera kushopu, bambo apita kuseri kwa njanji. Ndikavomera za Corwin, bambo akhala kwawo, pampando wawo wa pawindo.

Ndinawayang'ana akuwodzera pampandopo, ndipo ndinadzimva ndikuyeserera chamumtima: M'bale wanga, panopa ndikuyankhula nawe ndili m'zovala zogonera. Mawuwo ankatuluka mosavuta, ndipo zimenezo n'zimene zinandiopsa.

Ndinaganiza zokafunsa nzeru kwa mkulu wanga. Za kulephera kwanga ndinali ndisanamuuze, manyazi anali atandigwira. Akafunsa ndinkangoti zikuyamba pang'onopang'ono, iye n'kusintha nkhani msangamsanga.

5

M'mawa mwake ndinapempha mayi woyandikana nafe kuti akhale ndi bambo pang'ono. Kwa Dolores ndinalowera khomo la kuseri monga mwa masiku onse. Mwamuna wake Walt, woyendetsa thiraki, anali paulendo, ana ali kusukulu. Kukhitchini kunalibe munthu. Ndinamva mawu ake akuchokera kuchipinda chapansi, kumene amachapira zovala, ndipo ndinayamba kutsika masitepe.

Ankaseka. Kuseka kwake kunali kwachilendo, kopepuka, kosakhala kwa Dolores amene ndinakula naye.

“Eee, ndine Connie, kuno ku Omaha. Usadandaule, sunandisokoneze. M'bale wanga, panopa ndikuyankhula nawe ndili m'zovala zogonera, khofi ali pambalipa.”

Ndinaima pamasitepe pomwepo. Ndinagwira khoma.

“Galimoto ndinamaliza kulipira chaka choyamba chomwecho. Chimene ndimadandaula n'chimodzi basi…”

“Kuti unachedwa kuyamba,” ndinamalizitsa ine.

Anatembenuka. Anali ataimirira pakati pa madengu a zovala zakuda, atavala juzi yakale ya Walt, foni yoyera imene ndinali ndisanaionepo ili kukhutu. Anaiika pansi osatsanzika. Pashelefu, kuseri kwa sopo, panali katoni yofanana ndendende ndi yanga, itachita fumbi.

“Noreen, dikira ndikufotokozere.”

“Fumbi limenelo si la dzulo. Munagula liti?”

“Chaka chatha.”

“Ndiye pamene munkabwera ndi nyuzipepala ija, munkadziwa.”

Anatola chovala m'dengu n'kuyamba kuchipinda.

“Za sitiroko ya adadi anamuuza ndani Corwin? Ndikufunsa inu, achemwali! Anamuuza ndani?”

“Ndinatenga ndalama za Walt!” anakuwa. “Zimene ankasunga kuti agule thiraki yakeyake. Sakudziwa mpaka lero. Ukumudziwa Walt iwe, akadziwa banja latha. Corwin anati ndikamayankha mafoni azindipatsa pang'onopang'ono, koma ndikabweretsa munthu wogula andibwezera theka nthawi imodzi.”

“Ndiye pa anthu onse a mu Ohio muno munasankha ine.”

“Ndinalibe wina woti angandikhulupirire!”

Mawu amenewo anandilasa kuposa ena onse, ndipo iye anaona kuti andilasa. Anayamba kulira.

“Ndinkati mwina iwe zikuyendera. Iwe ndi wochenjera, pakamwa pako m'pakuthwa, ndinkati mwina madokotala akumvera iwe. Ndikulumbira, Noreen.”

“Theka lija anakupatsani?”

Anapukusa mutu. “Akuti mwezi wamawa. Mwezi uliwonse akuti wamawa.”

Ndinamuuza za lamba uja, mmene nkhope ya bambo inadera. Anadzigwira pakamwa n'kukhala pansi pa dengu la zovala. Kenako anadzutsa mutu, maso ali psuu, n'kunena chinthu chimene sindinkayembekezera.

“Nawenso wakuuza za foni, eti? N'chifukwa chake wabwera. Vomera, mng'ono wanga. Ndikuphunzitsa ine, n'zosavuta. Anthu akewo suwaona nkhope. Adadi akhala kwawo. Si zimene unawalonjeza?”

Pomwepo foni yoyera ija inalira.

Tonse tinaiyang'ana. Dolores anatambasula dzanja, koma ine ndinali pafupi. Ndinainyamula, ndipo kunena zoona sindinkadziwa chimene nditi ndinene.

“Halo? Ndi a Connie?” Anali mayi, mawu ake otopa, aulemu. “Pepani, foni inaduka. Ndimati ndifunse kamodzinso, chifukwa ndalama zake n'zimene tinasungira opaleshoni ya amuna anga. Panopa sangakhale okha, ndiye ndimati ndikamagwira ntchito pakhomo… Zimathekadi, eti? Mundiuze ngati m'bale wanu.”

Dolores ankandigwedezera mutu, manja atawaphatikiza ngati akupemphera. Ine ndinkaona bambo pampando wawo wa pawindo. Mawu aja anali pamlomo penipeni, okonzeka, ndipo akanatuluka bwino kuposa a Maureen.

“Mayi,” ndinatero, “kuno kulibe Connie, ndipo kuno si ku Omaha. Ine dzina langa ndi Noreen Hudak. Ndinagula katoni imeneyo, mulibe kanthu. Palibe dokotala amene akukudikirani. Aliyense amene akupatsani nambala yake amalipidwa kuti akunamizeni. Musatumize ngakhale senti.”

Mayiyo anati, “Envulopu ili m'manja mwangamu,” n'kuyamba kulira.

6

Mayi uja ayenera kuti anaimbira Corwin n'kumuuza zonse, dzina langa lomwe, chifukwa foni yoyera sinalirenso, ndipo mwayi wanga uja unathera pomwepo. Tinakadandaula ku ofesi ya boma yoteteza ogula. Pamene ankayamba kufufuza, kampani inali itatseka, manambala onse atafa. Akuti anthu otere amangosintha dzina n'kukatsegula kwina. Palibe chimene tinapezako.

Dolores anaulula yekha kwa Walt. Banja silinathe, koma linatsala pang'ono, ndipo Dolores analowa ntchito yochapa zovala ku hotela kuti abweze za thiraki zija. Ine ndinabwerera pa tilu. Pakhomo panalibenso wokhala ndi bambo.

Ndinawaperekeza ndekha kuseri kwa njanji. Njira yonse ankayang'ana pawindo. Titafika pageti anazindikira malowo, anandigwira mkono pomwe paja.

“Kwathu,” anatero. “Noreen. Kwathu.”

Chigwereni, dzina langa anali asanalitchulepo. Analitchula tsiku limenelo.

Inu amene mukuwerenga, makamaka inu amene muli ndi wodwala m'nyumba ndipo tulo simukuona, ndikudziwa mmene malonda oterewa amakomera m'maso. Anthu amenewa safuna opusa, amafuna otopa. Musanapereke ndalama kuti mugule ntchito, pitani kaye kwa amene akuti adzakulipiraniyo mukamufunse ngati akukufunani. Ine ndikanalowa mu ofesi ya dokotala mmodzi yekha ndisanapite kubanki, mayi wolandira alendo uja akanandiuza zonse kwaulere. Ndipo mboni imene wakupatsani ndi wogulitsa yemweyo si mboni, ngakhale kumbuyo kwake kukulira mwana, ngakhale amene wakulozerani njirayo munayamwa naye bere limodzi.

Mukandifunsa ngati ndinamukhululukira Dolores, sindikudziwa. Timakumana Lamlungu pa bedi la bambo, iye mbali iyi ine mbali iyo. Amabweretsa pirogi, ine ndimawadyetsa. Chimene chimandiletsa kumuda kotheratu n'chakuti ndikudziwa mmene mawu aja analili pafupi ndi milomo yanga. Mukandifunsanso ngati ndinachita bwino pa foni ija, masiku ambiri ndimati inde. Mayi uja sindimudziwa dzina, koma ndimakhulupirira kuti amuna ake ali kwawo.

Bambo anga sali kwawo. Ndimapitako tsiku lililonse ndikaweruka, kukawameta ndevu ndi kuwasintha malaya. Miyezi yoyamba ankandilandira ndi mawu awo aja, ine n'kumanama kuti posachedwa, adadi, posachedwa. Lamlungu lapitali ndinawafunsa ngati pali chimene akufuna. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anatembenukira kukhoma. Anasiya kundipempha, ndipo ndikanakonda akanamandipemphabe.